Tsekwe Amene Anali Nsomba

Munthu amene sanadyeko tsekwe wa Winok Goderis m'nyengo ya Lenti asamanene pagulu kuti anadyapo chakudya. Akhale chete, amvere anzake. Tsekwe ameneyo ankalowa mu uvuni m'mimba mwake atamuthira maapozi ouma ndi anyezi, pamwamba atamupaka batala ndi mowa wakuda, ndipo akamatuluka, fungo lake linkatsika msewu wonse wa ku doko la Nieuwpoort, kukhota pa tchalitchi, n'kukadzutsa asilikali a ku Spain amene ankasinza pa linga. Amalonda a ku Veurne ndi ku Diksmuide ankapeza zifukwa zobwerera kwathu kuno m'nyengo imeneyo. Wina ankati wadzaona mtengo wa mchere, wina wadzazonda azakhali ake odwala. Koma azakhaliwo ankamulandira atakhuta kale, mafuta ali nyezinyezi kundevu.

Tchimo panalibe. Aliyense ankadziwa kuti Lenti imaletsa nyama, koma ankadziwanso kuti tsekwe wa khosi lakuda, wa nkhope yoyera ngati sisitere uja, si nyama ayi. Ndani anaonapo chisa chake? Ndani anatolapo dzira lake? Amatulukira kunyanja chisanu chikamayamba, n'kubwerera kunyanja komweko chisanu chikatha. Amabadwa pa mitengo yoyandama. Nyanja ikalavula chipika, mumapezapo tinkhono tolendewera ndi makosi aatali, ndipo m'kati mwa kankhono kalikonse muli tinthenga. Kankhonoko kakakhwima kamathothoka n'kusanduka tsekwe. Chobadwa m'madzi ndi nsomba. Makolo athu anadya choncho, ansembe awo anadalitsa choncho. N'chifukwa chake pakhomo pa nyumba ya alendo ya Winok panali chikwangwani cha mtengo wobala atsekwe, ali lendelende ndi milomo ngati zipatso.

Mwini nyumbayo anali munthu wa mimba yake ndi mawu ake. Anachoka pa doko lomweli alibe ngakhale nsapato zamitengo, akusenda anyezi m'chombo cha eni ake. Anabwerako patapita zaka zambiri ali ndi ndolo kukhutu, bokosi lolemera, ndi nkhani zosatha. Anaphikirapo kazembe ku Lisbon. Ku Smyrna ngamila inamulavulira, iye n'kuibwezera. Mukanena za mphepo, iye anaona yoposa pamenepo. Mukanena za nsabwe, za ku Danzig zinali ngati nyemba. Anthu ankamuseka koma ankamukonda, chifukwa mowa wake sunkathiridwa madzi, ndipo zambiri mwa nkhani zake mukazifufuza zinkapezeka kuti n'zoona. Ankangozithira mchere.

Chaka cha nkhani yathuyi, Lachisanu loyamba la Lenti, tebulo lalitali linadzaza. Kumutu kwa tebulo kunakhala Bambo Omaar, wansembe wa parishi, munthu wokonda kudya koma woopa Mulungu kuposa mmene ankakondera kudya, ngakhale kuti kusiyana kwake kunali kochepa. Pambali pawo panali Seppen, msodzi wokalamba wa lilime lakuthwa. Kumapeto kwenikweni kunali Dokotala Adriaan Tack, munthu wowonda amene anali atangobwerako ku sukulu ya ku Leiden ndi kagalasi kokuzira zinthu m'thumba, komanso chizolowezi choipa chofunsa anthu kuti, "Munaona nokha?"

Winok atagawira onse, anaona kuti m'mbale ya dokotala muli nsomba ya hering'i yokha.

"A Dokotala, tsekwe wanga wakulakwirani chiyani?"

"Sanandilakwire, Baas Winok. Lero ndi Lachisanu la Lenti. Nyama sindidya."

"Wamva, Seppen? Munthu wafika pa ukwati n'kupempha phala!"

Koma palibe anaseka. Bambo Omaar anali ndi ntchafu ya tsekwe m'manja, ndipo anaibweza m'mbale pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ukuti ine ndikudya chiyani?"

"Abambo, ine ndikungonena zimene ndaona. Dzulo ndinapempha Mayi Godelieve, akazi a Baas Winok, kuti ndisuzumire m'kati mwa tsekwe mmodzi asanamuphike. Muli nthutumba, muli chiwindi, muli zonse za nkhuku. Ngakhale njira ya mazira ilimo."

"Nanga hering'i wanuyo alibe mazira?" anatero Winok. Apa ndiye anthu anaseka, ena akumenya tebulo.

"Ali nawo, ndipo tonse tinawaona," anayankha dokotala osakwiya. "A tsekwe sindinawaone, choncho sindikudziwa. Koma inunso, Baas, simukudziwa."

"Ine sindikudziwa? Ine? Bambo inu, pamene amayi anu ankakupukutani mamina, ine ndinali kunyanja ya ku Ireland ndikuona ndi maso awa chipika chachitali ngati tebulo lino, atsekwe ali ngundangunda!"

"Atsekwe kapena tinkhono?"

"Tinkhono ta nthenga!"

"Munaonapo kamodzi kakuthothoka n'kuuluka?"

"Chombo chinali pa ulendo! Mumafuna kapitawo aponye nangula kudikira mbalame?"

"Ndiye anaona ndani?"

"Zili m'mabuku anu omwewo!"

"Zilimo. Wolembayo anamva kwa wina, winayo anamva kwa mlamu wake. Kandimverere anakanena za m'maluwa, Baas."

Seppen anatafuna fupa, n'kunena kuti, "Abambo, gamulani msanga, nsomba yanga ikuzizira mapiko."

Bambo Omaar anapukuta zala kwa nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwambo sugwa ndi mafunso a munthu amene waphunzira kwa anthu opanda Lenti. Tipitiriza kudya. Koma sindingatsogolere nkhosa zanga ku tchimo ndikudziwa. Tsiku limene munthu adzandionetse dzira la tsekwe ameneyu, likuswa ine ndikuona, ndidzalengeza pa guwa kuti ndi nyama, ndipo m'parishi muno sadzadyedwanso pa Lenti. Ndatha." Anatolanso ntchafu ija, koma anaidya ngati munthu wotsanzikana ndi mbale wake.

"Dzira!" anafuula Winok. "Mudikira mpaka ndevu zifike m'mawondo. Ine ndikuonetsani zenizeni. Ndibweretsa chipika pabwalo langa lomweli, ndipo tsekwe athothoka inu mukuona, a Dokotala, ndi kagalasi kanuko. Seppen, undipezere chipika chamoyo!"

Alendo atapita, mkazi wake Godelieve ankasonkhanitsa mbale mosayang'ana mwamuna wake.

"Denga ili analifolera ndi tsekwe wa Lenti," anatero. "Miyezi ina yonseyi timangogulitsa mowa kwa asodzi ngati wina aliyense. Pakamwa panupa padzatigoneka ndi njala."

"Lieve wanga, pakamwa pomwepa ndi pamene panakufunsira."

"Ndi zimene ndikunenazo."

Sabata isanathe Seppen anakoka chipika kumbuyo kwa bwato lake, chodzaza tinkhono toyera, makosi ake akugwedezeka ngati nyongolotsi. Winok anatulutsa m'shedi chimgolo chakale chofululira mowa, anachiika pakati pa bwalo, nachidzaza madzi a m'nyanja. Kudoko kunali kotsetsereka, ndipo atatunga kawiri msana unayamba kudandaula. Ndiye anaganiza zanzeru: anacheka kachidutswa ka chipikacho n'kukaika m'ndowa ya madzi a pachitsime. Kutacha, tinkhono ta m'ndowamo tinali titafa tonse, pamene ta mumgolo tinali moyo.

"Mwaona zimene mwachita?" anatero dokotala, amene anabwera m'mawa womwewo, maso akuwala.

"Ndapha atsekwe."

"Ayi! Mwafunsa funso, ndipo tinkhono tayankha. Mtengo umodzi, madzi awiri. Tsopano tikudziwa kuti timafuna mchere. Sitinamve kwa mlamu wa munthu."

Winok anakanda kumutu. Kenako anatukula chifuwa. "Ndinachita dala," anatero.

Kuyambira pamenepo, m'mawa ndi madzulo, anthu ankaona Baas Winok mwini wake, munthu amene anaphikira kazembe, akukwera mtunda wa kudoko ndi ndowa ziwiri pa goli, thukuta lili kamukamu. Sankalola wina kumutungira, ati angamusakanizire ndi madzi a m'ngalande. Anthu ankabwera kudzaonerera mgolo, ndipo woonerera amamva ludzu, choncho Godelieve sanadandaulenso kwambiri. Seppen ankafika ndi chiwaya m'manja n'kufunsa ngati nkhuku za m'madzi zapsa.

Pabwalo pomwepo panali atsekwe awiri amoyo, a mtundu womwewo, amene mpeni sunkawakhudza. Wamkazi anabwera naye wosaka mbalame zaka zingapo m'mbuyomo, phiko litathyoka. Tsiku lotsatira wamwamuna anatera yekha pabwalo, n'kukana kuchoka, ngakhale pamene anzake ankauluka kubwerera kunyanja. Godelieve anati mwamuna wotere sapezekapezeka, ndipo aliyense wofuna kumudya ayambe wadya iyeyo. Anawatcha Sisitere ndi Kapitawo. Awiriwa ankayendayenda kumbuyo kwa Winok akamawerama pa mgolo, Kapitawo n'kumamujompha thalauza. Winok ankangomukankha ndi phazi osacheuka. Analibe nthawi ya atsekwe, ankadikira atsekwe.

Dokotala Tack ankabwera tsiku lililonse. Poyamba ankaima mbali ina ya mgolo, Winok mbali ina, ngati atambala. Kenako panapezeka benchi. Tsiku lina dzuwa litawala bwino, dokotala anatulutsa kagalasi kaja.

"Taonani tinthenga tanuto, Baas."

"Maso awa anaona doko la Lisbon kapitawo asanalione. Safuna thandizo."

Koma anakalandira. Anawerama, anatsinzina diso limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku maulendo ake, Winok Goderis anakhala chete mpaka Godelieve anasuzumira pawindo kuona ngati wakomoka.

Tinthenga tija tinkatuluka m'kankhono, n'kutambasuka ngati dzanja, n'kufumbata, n'kulowa. Kutuluka, kufumbata, kulowa. Pa kanthenga kalikonse panali timfundo ngati ta mwendo wa nkhanu. Ndipo m'madzimo munali tizinthu ting'onoting'ono toyandama, timene dzanjalo linkakola n'kutengera m'kati.

"Kakudya," ananong'ona Winok. "Kakudya ndi nthenga."

"Munaonapo mbalame yodya ndi nthenga?"

"Ku Brazil kuli..." anayamba Winok, koma anasiyira panjira, chifukwa kankhono kena kanali katagwira kanthu kakakulu ndipo ankafuna kuona ngati kakwanitsa kumeza.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene moyo wake wonse sanadekhepo anaphunzira kudekha pa benchi imeneyo. Anasinja nsomba n'kuwaza mumgolo: timanja tija tinafulumira. Anadutsitsa chipewa pamwamba: chithunzithunzi chitagwera, tonse tinatseka pakamodzi. Anabwereza mpaka dokotala anatopa, iye osatopa. Lamlungu lililonse akachoka ku Misa ankatsegula kankhono kamodzi ndi kampeni, kufunafuna mlomo kapena diso la tsekwe. Sankapeza. Sabata yotsatira ankatsegula kena. Alendo akamufunsa za ngamila ya ku Smyrna ankayankha mwachidule, n'kuwakokera ku mgolo. "Ngamila aliyense angaione. Bwerani muone ichi!"

Pasaka inafika n'kupita. Atsekwe akutchire anadutsa pamwamba pa tawuni akulira, kulowera kumpoto. Kunja kutayamba kufunda, tinkhono tinayamba kufa, ndipo fungo limene linatsika msewu wa kudoko ulendo uno silinaitane wamalonda aliyense. Kankhono komaliza kanatseka osatsegulanso. Tsekwe sanathothoke ngakhale mmodzi.

Bambo Omaar anabwera atatseka mphuno ndi mpango, koma nkhope ili ngwee.

"Mgolo si nyanja," anatero. "Mwina amafuna mafunde, mwina amafuna mwezi wa kumpoto. Dokotala, dzira uli nalo?"

"Ndilibe, Abambo. Ndipo mukunena zoona. Sitinaone tsekwe akubadwa pa chipika, koma zimenezo sizikutanthauza kuti sabadwapo."

"Basi, mwambo uli chilili. Winok, mwana wanga, chaka chamawa undisungire ntchafu."

Seppen anamumenya Winok pamsana mosangalala, anthu anamugulira mowa wake womwe. Winok anapambana, koma chakudya cha tsiku limenelo sichinamukomere. Funso linali litamulowa ngati kaminga ka nsomba pakhosi.

M'mawa mwake anataya chipika, natsuka mgolo, n'kuyamba kuugubuduzira m'shedi. Pakhomo pa shedi anakumana ndi Kapitawo, khosi lili tasa, mapiko ali tambasu. Kwa masabata angapo tsekweyu anali atalusa, koma Winok ankati ndi ukalamba. Lero anamuluma pa katumba mpaka Winok anatukwana m'zilankhulo zitatu. Atamukankhira pambali ndi tsache, anasuzumira kuseri kwa migolo yopanda kanthu.

Sisitere anali atakhala phee pa mulu wa udzu wouma wosakaniza ndi nthenga za pachifuwa pake. Ataona munthu anadzuka pang'ono kuti alume. Pansi pake panali mazira, oyera, aakulu kuposa a bakha.

Winok anakhala pansi pomwepo, pa fumbi.

"Mwawaona tsopano?" Anali Godelieve, ataima pakhomo ndi dengu m'manja.

"Mumadziwa?"

"Ndimawapatsa chakudya ndine. Ndimadikira muone nokha, popeza masiku ano ndinu munthu woona nokha. Nyengo yonseyi mwaloza mphuno mumgolo, nkhani ikuchitika kumbuyo kwanu."

"Wina akudziwa?"

"Ine, inu ndi Kapitawo." Analowa, nakhala pa mgolo, n'kutsitsa mawu. "Amuna anga, mverani. Mbalame izi ndimazikonda, mukudziwa. Koma nyumba iyi ndimaikondanso. Lenti yapita, mazira saletsedwa, ndipo chiwaya chili pamoto. Mukanena, ndiwatenga pompano. Sisitere alira masiku awiri n'kuiwala. Abambo adzadya ntchafu yawo, a ku Veurne adzabwera kudzazonda azakhali awo, ndipo palibe adzachimwe, chifukwa palibe adzadziwe."

Winok anaganiza za tebulo lalitali lodzaza, za fungo lotsika msewu, za chikwangwani chimene anachilipira ndi phindu la Lenti yake yoyamba. Munthu amene anayamba ndi kusenda anyezi amadziwa bwino kuti denga siligwa kuchokera kumwamba. Anatambasula dzanja, Sisitere akumujompha, natenga dzira limodzi. Linali lofunda ngati buledi.

Pa khoma la shedi panali thabwa lobooka, ndipo dzuwa la m'mawa linkalowa pa kabowoko ngati ndodo. Winok sanaganize n'komwe. Dzanja linapita lokha, monga linazolowera pa mgolo. Anaika dzira pa kabowo, naphimba m'mbali ndi zikhatho.

Dzira linayaka ngati nyali. M'kati munali timitsempha tofiira, tofalikira ngati mizu, ndipo pakati pake panali kanthu kakuda. Kanthuko kanagwedezeka.

"Lieve," anatero ndi mawu amene mkazi wake sanawamvepo. "Tabwerani. Kali moyo."

Godelieve anasuzumira, nakhala nthawi, n'kuika dengu pansi.

Winok anabweza dzira pa chisa mosamala ngati akuika mwana m'chikuta. Anaimirira, nasasa fumbi. Pang'onopang'ono chifuwa chinayamba kutukuka.

"Ku Leiden kuli akuluakulu a mikanjo, mabuku mpaka kudenga. Ku Paris aliko. Ku Roma ndiye osanena. Ndani mwa iwo anaonapo chimene ndaona ine m'shedi muno? Makolo athu onse, asodzi onse a nyanja ino, palibe! Woyamba ndi Winok Goderis!"

"Woyamba ndine," anatero Godelieve.

"Inu munaona kunja kwake, ine ndaona m'kati." Anayenda mpaka pakhomo, n'kutembenuka. "Mkunga, nsomba yonga njoka ija amayi anu ankaphika ndi masamba obiriwira, mukukumbukira kaphikidwe kake?"

Godelieve anapukusa mutu, akumwetulira. "Ndikukumbukira. Pitani, musanaphulike."

Anthu a msewu umenewo amanenabe za mmene Baas Winok anathamangira, mimba ili patsogolo, akufuula dzina la dokotala kuyambira pa tchalitchi. Dokotala Tack anabwera sopo ali kutsaya limodzi. Anagwada m'shedi, anayang'ana, anayang'ananso, kenako anati, "Tidziwa bwanji kuti si mazira a bakha amene wina waikapo?"

"Ha! Ndimadziwa kuti munena choncho!" anatero Winok mosangalala ngati wapatsidwa mphatso. "Sitidziwa! Tidikira aswe. Ndipo Abambo alembe chizindikiro pa dzira lililonse ndi dzanja lawo, kuti wina asadzati tinasintha."

Bambo Omaar anabwera akukoka miyendo. Anatenga khala, najambula kamtanda pa dzira lililonse, uku Kapitawo akuwakoka mkanjo.

"Winok, mwana wanga," anatero potuluka, "ukanatha kungokhala chete."

"Abambo, munandionapo nditakhala chete?"

"Ndimayembekezera chozizwitsa."

Mazira anaswa tsiku lina masana, mwezi wa Juni uli pakati. Anakawaitana Abambo ali pa chakudya, ndipo anafika ndi supuni m'manja. Shedi inadzaza, ena akusuzumira m'ming'alu ya matabwa. Chigoba chokhala ndi kamtanda chinang'aluka, kamlomo kanatulukira, ndipo patapita nthawi kanthu konyowa kanagwera pa udzu. Pofika madzulo tinali tiana totuwa, ta ubweya, tikulira pansi pa phiko lothyoka lija.

"Totuwa," anatero Seppen ndi chiyembekezo. "Tsekwe wathu ndi wakuda ndi woyera. Abambo, musafulumire."

Dokotala anatsegula pakamwa, koma Winok anamutsogolera. "Seppen akunena zoona. Tidikire timere nthenga."

Anadikira. Pofika nthawi yokolola, tiana tija tinali ndi makosi akuda bii ndi nkhope zoyera mbee, tikuyenda pa mzere kumbuyo kwa Kapitawo ngati masisitere opita ku mapemphero. Lamlungu lotsatira Bambo Omaar anakwera pa guwa n'kulengeza, ndi mawu a pa maliro, kuti tsekwe wa khosi lakuda ndi nyama.

Kunena zoona, si onse anakondwa. Osaka mbalame anasiya kumupatsa moni Winok mpaka Khirisimasi. Seppen ankati akamuona amafuula kuti, "Uyo, munthu amene anatidyetsa hering'i moyo wathu wonse!" koma ankafuula ali pa benchi ya Winok, chikho cha Winok chili m'manja. Lenti yotsatira azakhali ambiri a ku Nieuwpoort sanazondedwe, ndipo theka la tebulo lalitali linali lopanda anthu sabata yoyamba. Godelieve ankangowaza masamba mwamphamvu kuposa mmene amafunikira.

Koma mkunga wa masamba obiriwira uli ndi fungo lakenso, ndipo nalonso limadziwa njira ya kudoko. Komanso kunayamba kubwera alendo a mtundu wina, a zipewa zakuda ndi timagalasi m'matumba, ochokera ku Gent, ku Leuven, wina mpaka ku London, amene anamva kwa dokotala. Anthu amenewa ankadya pang'ono koma ankamvetsera kwambiri, ndipo kwa Winok zimenezo zinali malipiro okwanira. Ankawatengera m'shedi, kuwaonetsa kabowo ka pa thabwa, n'kuwafotokozera mmene iye, payekha, ataganiza mozama kwa zaka zambiri, anagwetsera bodza limene linapusitsa dziko lonse. Mazira ankachuluka pa kufotokoza kulikonse. Koma akafika pa zimene anaona m'kati mwa dzira, sankathira mchere ngakhale pang'ono, ndipo mlendo akagwedeza mutu movomereza, Winok ankakwiya. "Musandikhulupirire ine, bambo! Mudzabwere mwezi wa Meyi mudzaone nokha."

Chikwangwani sanachichotse. Anangoitana wojambula kuti awonjezere, pansi pa mtengo wobala atsekwe uja, tsekwe mmodzi atakhalira mazira, akuyang'ana m'mwamba modabwa.

Lachisanu lomaliza la Lenti imeneyo tebulo linadzazanso. Bambo Omaar anamaliza mbale yachiwiri ya mkunga, napukuta msuzi ndi buledi, n'kuusa moyo mokhutira.

"Mayi Godelieve, Mulungu akatseka khomo amasiya windo. Ichi ndiye nsomba yeniyeni, yopanda mlandu." Anasuzumira pabwalo pamene ana a Sisitere ankadya msipu, onenepa bwino. "Ndipo awo, popeza tagwirizana kuti ndi nyama, Pasaka ikafika..."

"Awo ndi ana a m'nyumba muno, Abambo," anatero Godelieve, chipande chili m'manja.

"Ndimangofunsa. Nanga mwini nyumba ali kuti?"

Anamupeza kukhitchini pamodzi ndi dokotala, mitu itagundana pamwamba pa thabwa. Pa thabwapo panali mkunga wong'ambidwa pamimba, ndipo Winok anali ndi kagalasi kakekake, kamene anaitanitsa ku Leiden.

"Abambo, mwafika bwino!" anatero osadzutsa mutu. "Seppen akuti mkunga umabadwa m'matope. Amayi a Lieve ankati umachokera ku ubweya wa kumchira wa hatchi ukagwera m'madzi. Ine ndang'amba mikunga Lenti yonseyi, ndipo dzira sindinalipeze ngakhale limodzi. Ndani anaonapo dzira la mkunga? Ndaitanitsa kale migolo iwiri, wina wa matope, wina wa ubweya..."

Bambo Omaar anagwira chitseko.

"Winok, mwana wanga," anatero, "ndakupempha m'dzina la oyera onse. Mkunga usiye."